Ng'ombe ikukoka ngolo, ngolo ikukoka ng'ombe, nanga zikuyenda bwanji?

Mphunzitsi wa ku Domwe: Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga ndi makolo nonse muli pa gulu pano. Ndikufuna thandizo pa malamulo a Newton a mu Fizika, a kayendedwe ka zinthu, makamaka lachitatu lija loti chinthu chikakankha kapena kukoka chinzake, chinzakecho nacho chimabwezera ndi mphamvu yofanana. Ana anga a oitava, kalasi 8, analoweza kale, ukawafunsa amalinena lonse m'Chipwitikizi osaphonya liwu, koma dzulo mtsikana wina anakweza mkono nkundifunsa kuti aphunzitsi, mwati ng'ombe ikamakoka ngolo, ngolo nayo imakoka ng'ombe ndi mphamvu yofanana, nde ngolo imayenda bwanji, si zimayenera kungoima pamenepo? Kalasi yonse inagwirizana naye. Ndinawafotokozera koma nkhope zawo zimaonetseratu kuti sanakhutire. Inu anzanga mumaphunzitsa bwanji pamenepa kuti mwana amvedi osati kungokopera mu kaderno?

Dalaivala wa chapa (minibasi), Ulongwe: Mwana ameneyo ndi wanzeru aphunzitsi musamutaye. Ine sukulu ya Fizika ndinaisiya kalekale koma ngolo ndakula nayo, ng'ombe imakoka kwambiri kuposa ngolo basi, ikanakhala yofanana bwenzi tikugona kumunda ndi chimanga chathu.

Wa ku koleji ya uphunzitsi: Inenso ndimaganiza choncho, kuti poyamba penipeni ng'ombe imaposa pang'ono chabe nde ngolo ikayamba kuyenda mpamene zimafanana

Profesa wa ku Moatize: Ayi achimwene, pamenepo ndi pomwe ana amagwera ndipo akulu omwe. Mphamvu ziwirizo nzofanana ndendende nthawi zonse, ngolo itaima, ikuyamba kuyenda, kaya ikuthamanga, palibe ndi kamphindi komwe kamene ina imaposa inzake. Chimene mwanayo sanachione ndi choti mphamvu ziwirizi sizikugwira pa chinthu chimodzi. Ina ikugwira pa ngolo, inayo ikugwira pa ng'ombe. Mphamvu zimathetsana pokhapokha zonse zili pa chinthu chimodzimodzi, nde ukafuna kudziwa ngati ngolo iyende uyang'ane ngolo yokha, za ng'ombe uziike kaye pambali. Pa ngolo pali chani? Pali ng'ombe zikukokera kutsogolo ndiye pali kukanira kwa matayala ndi nthaka, atrito uja, kukubwezera m'mbuyo. Tiyerekeze ng'ombe zikukoka ndi 600 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu), kukanira kuja ndi 400 N, zotsala ndi 200 N kulowera kutsogolo. Ngolo ndi katundu wake tinene kuti ndi 400 kg, lamulo lachiwiri likuti F = m × a, kutanthauza kuti mphamvu (F) ndi makilogalamu a chinthu (m) kuchulukitsa ndi kusintha kwa liwiro lake (a), nde a ndi 200 kugawa ndi 400, 0.5 m/s², liwiro kukwera ndi theka la mita pa sekondi sekondi iliyonse, ngolo yanyamuka. 600 N ina ija yomwe ngolo ikukoka nayo ng'ombe sikulowa mu samu imeneyi ndi pang'ono pomwe chifukwa siili pa ngolo.

Dalaivala wa chapa, Ulongwe: Chabwino ngolo yayenda, nanga ng'ombeyo poti ikukokedwa m'mbuyo ndi 600 yanuyo, ikupita bwanji kutsogolo? ikukankhidwa ndi ndani

Profesa wa ku Moatize: Ndi nthaka abambo. Ziboda zikuponda nkukankha nthaka m'mbuyo, nthaka nayo ikukankha ng'ombe kutsogolo. Ndi lamulo lachitatu lomwelo koma awiri ena, ng'ombe ndi nthaka. Nthaka ikakankha ng'ombe kuposa mmene ngolo ikuikokera m'mbuyo, ng'ombe iyamba kupita.

Mayi wa ku Tsangano: Ine si mphunzitsi ndine kholo chabe koma apa ndamva ndithu. Kuno dzinja tikamatulutsa kachewere ku dimba pamakhala malo ena a matope oterera, ng'ombe zomwezo goli lomwelo matumba omwewo, koma zikafika pamenepo ziboda zimangoterereka ngolo osasuntha ngakhale mnyamata akuwe bwanji, mpaka tithire nthambi ndi miyala pansi kuti ziponde pogwira. Nde kuti mphamvu ya ng'ombe sinathe ayi koma nthaka ndi imene yasiya kuzikankha eti?

Profesa wa ku Moatize: Ndi zomwezo amayi, mwafotokoza bwino kuposa buku. Aphunzitsi a ku Domwe tengani chitsanzo chimenechi, ana a ku Angonia palibe amene sanaonepo ngolo itatitimira.

Madala opuma ntchito, Tete: Ana anga ndakhala ndikuwerenga, ndiloleni ndiikepo mawu. Ine pophunzitsa phunziro limeneli ndinkaletsa mwana kunena kuti pali mphamvu nkulekera pomwepo. Ndinkafuna anene chiganizo chonse, ndani akukankha ndani. Ng'ombe ikukoka ngolo. Akatero ndimati tembenuza, iye nkuti ngolo ikukoka ng'ombe. Basi awiriwo wawapeza, maina ndi omwewo angosinthana malo. Pakalowa dzina lachitatu udziwe kuti wasokoneza. Kenako pa bolodi ndimajambula ngolo ndi ng'ombe, ndi choko nkuzunguliza ngolo yokha, nkuwauza kuti mivi yololedwa kulowa mu samu ndi yokhayo imene ikugwira chinthu chili mkati mwa mzerewu. Tikatha timafufuta mzere nkuzunguliza ng'ombe. Zimatenga nthawi inde koma mwana akazigwira apa sadzavutikanso mpaka ku kalasi 11.

Ndipo chenjerani ndi buku lili pa tebulo, ndaona aphunzitsi abwinobwino akuuza ana kuti kulemera kwa buku ndi kukankha kwa tebulo ndiwo awiri a lamulo lachitatu poti nzofanana ndipo zikuloza kosiyana. Sichoncho. Zonse ziwirizo zikugwira pa buku lomwelo, nchifukwa chake zikuthetsana buku nkukhala phee. Yesani kutembenuza kuja muone. Dziko likukoka buku, kutembenuza kwake ndi buku likukoka dziko. Tebulo likukankha buku, kutembenuza kwake ndi buku likukankha tebulo. Mphamvu zinayi, awiriawiri. Funso la mtsikana uja ndi la buku pa tebulo ndi matenda amodzi.

Wa ku koleji ya uphunzitsi: Madala zikomo, koma buku kukoka dziko?? ana aseka pamenepo

Madala opuma ntchito, Tete: Asekedi, asiye aseke kenako uwapatse manambala mwana wanga. Bango likathothoka mu mtengo dziko likulikoka pansi, bangolo likukoka dziko m'mwamba ndi mphamvu yomweyo. Koma dziko ndi pafupifupi 6 × 10²⁴ kg, 6 wotsatidwa ndi maziro 24, uwalembetse maziro onsewo mu kaderno aone okha. Ukagawa kamphamvu ka bango ndi nambala imeneyo kusuntha kwa dziko palibe angakuone. Mphamvu yofanana sikutanthauza kuti zotsatira zifanana.

Dalaivala wa chapa, Ulongwe: Apa mpamene ine ndikukanirabe madala, mundikhululukire. Ine ndimakhala pa msewu tsiku ndi tsiku, msewu wa ku Zobwe uja malole ake mukuwadziwa. Lole ikagundana ndi njinga yamoto, njinga imaphwanyikiratu munthu nkuuluka, lole kungokandika bampala. Inu mukuti njinga yamenya lole ndi mphamvu yofanana ndi imene lole yamenya njinga? Ayi zimenezo mutu wanga sukulola, maso anga aona zambiri

Profesa wa ku Moatize: Abambo zomwe maso anu aona nzoona, koma chimene mwaona ndi zotsatira osati mphamvu. Tiyerekeze lole yodzaza ndi 30,000 kg, njinga yamoto ndi munthu wake 200 kg, ndipo pogundana aliyense walandira 6,000 N, manambalawa ndangosankha kuti samu iphweke. Lole 6,000 kugawa ndi 30,000 ndi 0.2 m/s², dalaivala wa lole mwina sangamve nkomwe. Njinga 6,000 kugawa ndi 200 ndi 30 m/s², kuposa katatu mmene chinthu chimathamangira chikamagwa kuchokera m'mwamba poti kumeneko ndi 9.8. Mphamvu imodzimodzi, wina wasintha liwiro maulendo 150 kuposa mnzake. Onjezani kuti chitsulo cha lole ndi cholimba kuposa mafupa a munthu. Nchifukwa chake ine lamulo lachitatu sindiliphunzitsa palokha, ndimaligwirizitsa ndi lachiwiri tsiku lomwelo, apo ayi mwana aliyense amatuluka akukhulupirira kuti chachikulu chimamenya kwambiri.

Dalaivala wa chapa, Ulongwe: Samuyo ndaiona koma ndifuna ndione ndi maso

Mphunzitsi wa mu mzinda wa Tete: Anzanga zonsezi nzabwino koma tinene zoona. Aula, phunziro limodzi, ndi mphindi 45, ana adzaza mpaka pakhomo, kuitana maina kokha kwadya nthawi, kutentha kwa kuno masana mwana akungowodzera, pulogalamu yaitali ndipo pa prova, mayeso aja, chimene chimabwera ndi nenani lamulo, werengerani mphamvu. Labu tilibe. Ine ndimawapatsa tanthauzo, zitsanzo ziwiri, masamu, tapita. Amakhoza ndithu. Izi zozunguliza ng'ombe ndi choko ndingazipeze kuti nthawi yake

Mphunzitsi wa ku Domwe: Achimwene vuto la nthawi tonse tili nalo sindikutsutsani, koma ana anga omwewa amene akhoza prova ndi omwe dzulo anagwirizana kuti ngolo singayende. Ine zimenezo zikundipweteka mtima, mwana wapeza 16 pa 20 koma mkati mwake akukhulupirira kuti Fizika ndi zonama za m'buku zosagwirizana ndi zomwe amaona kwawo. Akayamba kuganiza choncho ndi pomwe amaisiya.

Madala opuma ntchito, Tete: Labu simukuifuna pa phunziro ili. Pitani pa msika mukabwereke masikelo awiri a ngowe aja ogulira chimanga ndi nyemba. Muyambe mwapachika thumba limodzi pa sikelo iyi kenako pa inayo kuti muone ngati zikuwerenga mofanana, poti masikelo ena ndi otopa. Mukatero kolani ngowe ziwirizo pamodzi, mwana wamkulu kwambiri m'kalasi agwire uku, wamng'ono kwambiri agwire uko. Musanayambe afunseni onse kuti sikelo ya ndani iwerenga zambiri, akweze manja, muwerenge mulembe pa bolodi. Ambiri anena kuti ya wamkulu. Nde muuzeni wamkuluyo akoke, wamng'ono angogwira osakoka. Aitaneni awiri adzawerenge. Iyi ikati 8 inayo 8. Asinthane, akoke wamng'ono, chimodzimodzi. Auzeni ayesetse mmene angathere kuti ina iwerenge 10 ina 5, alephera. Mphindi khumi zakwana ndipo ngati mukufuna ma newton mungochulukitsa ndi 10, poti 1 kg pa sikelo ndi pafupifupi 9.8 N. Abambo a chapa inunso kayeseni zimenezi pa siteji ndi kondakitala wanu.

Dalaivala wa chapa, Ulongwe: Izi nde ndiyesa mawa lomwe, sikelo ilipo kwa alamu anga

Mayi wa ku Tsangano: Aphunzitsi amene muli kufupi ndi kuno sikelo ndili nazo ziwiri mutha kudzatenga, bola zibwere tsiku la msika lisanafike

Wa zamagetsi ku Songo: Moni nonse ndalowa mochedwa. Ine ndimangofuna kuwonjezera kuti ana a m'mbali mwa Zambezi kapena ku nyanja ya Cahora Bassa ngolo sangaimve kwambiri koma bwato. Nkhafi ikukankha madzi m'mbuyo madzi akukankha nkhafi ndi bwato kutsogolo, ndipo mwana aliyense wa msodzi amadziwa kuti ukadumpha mu bwato losamanga kupita pa gombe bwato limathawira m'mbuyo iwe nkugwera m'madzi, phazi lako lakankha bwato, bwato lakankha iwe, koma poti bwato pa madzi palibe choligwira limachoka msanga. Ndipo muziwauza kuti izi si za mu kalasi zokha. Damu lili pano lili ndi makina asanu opukusa magetsi, aliwonse 415 MW (ma megawatt, muyeso wa magetsi), onse pamodzi 2,075 MW, ndipo chimene chimawazunguza ndi madzi akamakankha mapeni a tabaini, mapeniwo nawo akukankha madzi nkuwakhotetsa njira. Mwana wa ku Tete adziwe kuti lamulo akuloweza lija ndi lomwe likugwira ntchito mu chigawo chake chomwe mpaka magetsi kukafika ku South Africa.

Wa ku koleji ya uphunzitsi: Nanga roketi? wina anandifunsa kuti kumwamba kulibe mpweya nde imakankha chani

Wa zamagetsi ku Songo: Sikankha mpweya wakunja ayi. Imakankha utsi wake womwe, imauponya m'mbuyo mwa liwiro lalikulu, utsiwo nkukankha roketi kutsogolo. Tembenuzani mwa madala muja, roketi ikukankha utsi, utsi ukukankha roketi, mpweya wakunja dzina lake silikupezekapo. Mu kalasi tengani baluni, ulusi wosokera wautali, ndi chikhungwa cha bolopeni yotha. Lowetsani ulusi mu chikhungwacho, mangani ulusi kuchokera pa zenera mpaka pa chitseko ukhale wokungika, uzirani baluni osamanga kukamwa, imateni pa chikhungwa ndi selotepi nkuisiya. Ithamanga pa ulusi mpaka uko. Maroketi aja opanga ndi botolo la madzi ndi pampu ya njinga amauluka kwambiri koma zimenezo panja pokha ndipo ana aime patali, botolo la pulasitiki basi osayerekeza lagalasi.

Mphunzitsi wa mu mzinda wa Tete: Ya baluni ndi ya sikelo ndikhoza kuziyika mu aula imodzi. Koma ine limene limandivuta kwambiri si lachitatu, ndi loyamba. Mwana ukamuuza kuti chinthu chikamayenda chipitirira kuyenda chokha popanda wochikankha amakuyang'ana modabwa, amati wilibala ukaisiya imaima, njinga ukasiya kupalasa imaima, mpira umaima. Ndipo sakunama

Madala opuma ntchito, Tete: Sakunama ndipo usamuuze kuti walakwa. Anthu ophunzira anakhulupirira zomwezo zaka mazanamazana kutsatira Aristotle mpaka Galileo anadzaona kuti chimene chimaimitsa zinthu ndi kukhuzana kwake ndi pansi komanso mpweya, Newton nkudzazilemba bwino mu 1687 mu buku lake la Principia, m'Chilatini. Nde mwana wa zaka 13 asavutike bwanji? Funso lomufunsa ndi loti chaimitsa mpirawo ndi chani. Agubuduze mpira pa mchenga, kenako pa bwalo lopsepsa, kenako pa simenti ya mu khonde. Ukupita patali patali. Nde umufunse, pakanakhala posalala kuposa apa? nanga posalala kotheratu popanda chogwira chilichonse? Yankho alinena yekha. Ukafuna chitsanzo chenicheni, chombo cha mumlengalenga cha Voyager 1 chinaponyedwa mu 1977 ndipo mpaka lero chikupitabe kutali ndi dzuwa popanda injini yochikankha kutsogolo.

Dalaivala wa chapa, Ulongwe: Ili nde ndikulidziwa bwino ine. Ndikaponda buleki mwadzidzidzi mbuzi ikadutsa, anthu onse amagwera kutsogolo nkuyamba kundikalipira

Profesa wa ku Moatize: Ndi lomwelo abambo, ndipo funso labwino kwa ana ndi loti wawakankhira kutsogolo ndani? Palibe. Buleki yaimitsa galimoto, anthu sinawagwire, matupi awo akungopitiriza ulendo umene anali nawo mpaka mpando wakutsogolo kapena lamba awaimitse. Apa ine ndimaima kaye nkulankhula za lamba, za chipewa cha pa njinga yamoto, ndi zokhala pamwamba pa matumba kumbuyo kwa lole, chifukwa ana athu amakwera choncho sabata ndi sabata. Ndipo kuno ku Moatize ndimanenanso za sitima ya malasha yopita ku Nacala kudzera ku Malawi kapena ya ku Beira. Mabogi ambirimbiri odzaza, matayala achitsulo pa njanji yachitsulo pogwira pochepa, woyendetsa ngakhale akuone nkumanga buleki nthawi yomweyo sitima ipitabe mtunda wautali isanaime. Ana ena amadutsa njanji popita kusukulu akuganiza kuti iima ngati chapa. Phunziro limeneli ndimaliphunzitsa ndi mtima wonse chifukwa cha iwowa.

Mphunzitsi wa ku Furancungo: Ndikuwerenga mwakachetechete koma ndithandizeni ichi. Ife timakonda kuwakokanitsa chingwe ana panja, magulu awiri. Ngati gulu lililonse likukoka linzake mofanana nde wopambana amapambana bwanji? ndikuona ngati ndi nkhani ya ngolo yomweyo koma nditsimikize

Profesa wa ku Moatize: Ndi yomweyo achemwali, mpikisano wa chingwe umapambanidwa ndi mapazi. Gulu limene nthaka ikulikankha kwambiri ndi limene lipambane. Yesani pa simenti yosalala, anyamata akuluakulu atatu aime pa chiguduli, atsikana ang'ono atatu aime pansi ndi nsapato za labala, akoke pang'onopang'ono osagwedeza kuti wina asagwe chagada. Anyamata aja abwera ndi chiguduli chawo chomwe. Zimathandizanso atsikana kuona kuti phunziroli si la anyamata okha.

Mphunzitsi wa ku Furancungo: Nanga nditamangirira sikelo imodzi pakati pa chingwe, uyu akukoka 10 uyu akukoka 10, iwerenga 20?

Wa ku koleji ya uphunzitsi: kapena 0 poti zikuthetsana?

Madala opuma ntchito, Tete: Iwerenga 10. Musawauze ana yankho, alembe kaye aliyense pa kapepala 0, 10 kapena 20. Kenako mangani mbali imodzi ya sikelo ku mtengo, mwana mmodzi akoke mpaka singano ifike pa 10, onse aone. Muwafunse kuti mtengowo ukutani, poti sikelo sikusuntha ndiye kuti mtengo ukukoka 10 mbali inayo. Tsopano masulani ku mtengo, mwana wachiwiri agwire chingwe pomwe panali mtengopo, woyamba akoke monga poyamba wachiwiri asalole kusuntha, wachitatu awerenge singano mokweza kuti a kumbuyo amve.